Gitala pamaso pa apongozi

Anyamata, amene akufuna kunena kuti ndi bodza anene msanga tisanapite patali. Ine ndinatontholetsa msika wonse wa Tsangano ndi gitala imodzi. Tsiku la msika lenileni, osati masiku wamba aja okhala ndi agalu awiri ndi mayi mmodzi wa tomato. Ndekha, popanda ng'oma, popanda besi, popanda inu. Ndikudziwa kuti iwe wa ng'oma wayamba kale kupukusa mutu, ukuti munthu ameneyu anatiuzaponso kuti anathamangitsa njoka ndi mawu okha. Njokayo inalipo, kungoti inali kale pa ulendo wake. Koma iyi ya msika kafunseni aliyense woyendetsa shapa, maminibasi athu aja, pa njira ya ku Tsangano. Akakana, mubwere mudzanditsine.

Kwa ena amene simunatidziwe, tinali anyamata anayi a mbali ya Chidzolomondo, tonse ana a alimi a fodya, ndipo tinali ndi banda ya roko. Inde, roko, m'boma la Macanga, pakati pa minda. Ine ndinali woyimba, wakutsogolo, nkhope ya banda. Enawo anali wa ng'oma, wa besi, ndi wina amene ntchito yake sitinaidziwe bwinobwino mpaka lero, kungoti bateriya ya galimoto imene inkatipatsa moto inali ya kwawo, ndiye tinkamupatsa chisekese kuti azigwedeza.

Roko inafika kwathu m'thumba la mkulu wina amene anakagwira ntchito yonyamula katundu ku mzinda wa Tete. Anabwera ndi kadi ya foni yodzaza anthu okuwa ngati ng'ombe yawaponda chala. Iye ankafuna kufafaniza nyimbozo kuti aikemo za kwaya. Ine nditamva, tsitsi linaima. Sindinatolepo liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinamva kuti anthu awa akwiya, ndipo nanenso ndinali ndi zanga zondikwiyitsa. Bambo kundidzutsa nkhuku zisanatsike kukathirira nazale, manja kumata utomoni wa fodya, chaka chonse msana uli wopindika kuti pamapeto wogula adzanunkhize tsamba n'kunena kuti ndi la pansi. Ndinati basi, ifenso tikuwa, koma m'Chichewa.

Gitala inali ya bambo anga, ya bokosi, anabwera nayo kuchokera ku Malawi pobwerera nkhondo itatha. Iwo ankayimba nayo za tchalitchi, ine ndinaiphunzitsa makhalidwe ena. Tinaimata kachipangizo kotola mawu, waya n'kukalowa mu sipika ya wailesi yakale imene inali yong'ambika. Kung'ambikako ndiye kunali chuma chathu. Sipika yabwino imalankhula mwaulemu, yathu inkalira ngati lata likukokedwa pamiyala. Besi inali chigubu cha mafuta ndi nsambo za mabuleki a njinga. Ng'oma zinali zikopa za mbuzi ndi chivundikiro cha poto cha amayi ake a mnzangayu, chimene anachifunafuna chaka chathunthu, mpaka kudana ndi oyandikana nawo osalakwa.

Tinkayeserera m'chigafa cha bambo anga, fodya ali lendelende pamwamba pathu. Bambo ankati phokoso likuyoyola masamba, ife tinkati likuumitsa msanga. Nyimbo tinkajambula ndi foni yopachika pa mkangala, kenako n'kupita nazo ku Furancungo kwa anyamata odzaza makadi pamsika. Tinalibe bwana, tinalibe situdiyo, tinalibe wotiuza kuti apa chepetsani. Tambala akalira pakati pa nyimbo, ndiye kuti walowa mu banda, sitinkabwereza. Nyimbo zinkayenda zokha, foni ndi foni, mpaka tsiku lina ndinakwera mota, njinga yamoto ija, ndipo woyendetsayo ankayimba nyimbo yanga, molakwitsa, osadziwa kuti mwini wake ndi amene wamugwira m'chiuno.

Koma chimene anthu ankabwerera sichinali mawu okha. Poyimba tinkaimirira pa ngolo ya ng'ombe. Nyimbo ikafika pakati, ine ndinkavula malaya, kuwazunguza m'mwamba, kuwaponya, kukuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka ngati mizu ya mkuyu, kenako kudumpha kuchoka pa ngolo kukagwera m'gulu. Ku Furancungo anandiwakha ngati khanda. Kumudzi wina uko anandipatukira, ndipo dothi la kumeneko ndikulidziwa kukoma kwake. Wina anajambula kanema wa tsiku limenelo, kuyambira povula malaya mpaka polavula mchenga. Kanemayo anayenda kuposa nyimbo zathu zonse kuziphatikiza.

Ndiye kunabwera mtsikana wa ku Tsangano kudzacheza kwa azakhali ake. Tikuyimba anaima kumbuyo kwa gulu, manja atapinda. Titamaliza ndinapita kwa iye thukuta lili kamukamu, chifuwa pamtunda, kuti andiyamikire. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa ngati malaya anga anali ndi linthumbu. Atsikana ena onse ankakomoka ndikangotsokomola, uyu akufunsa za linthumbu. Ndinadziwa pomwepo kuti ndatha. Ndinamupekera nyimbo, anati ikumupweteketsa mutu. Ndinamuperekeza kokwerera shapa, anati njira akuidziwa. Chaka chisanathe ankhoswe anali atakumana.

Mwambo mukuudziwa, mwamuna amatsata mkazi. Ndinamanga kachikwama, gitala kumsana, ulendo wa ku Tsangano kukakhala mkamwini. Tinakangana m'chigafa muja za sipika yong'ambika, inu munkati ndi ya banda, ine ndinkati amene anaing'amba ndine, ndipo ndinaitenga. Munati ndagulitsa banda chifukwa cha chitenje. Ine ndinakuuzani kuti woyimba wamkulu amafika pena pofunika kuyenda yekha, kuti okuwa a pa kadi paja nawonso amatero. Kaya amaterodi sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'choti iwe wa besi unakwatira chaka chomwecho n'kupita kwa mkazi wako nawenso, ndiye usandiyang'ane choncho.

Ku Tsangano ndinapeza zinthu ziwiri zimene sindinazizolowere, chisanu cholowa m'mafupa ndi apongozi. Apongozi aakazi, amasiye, eni munda wa kachewere, eni malo amene ndinayamba kumangapo nyumba. Amene simunakhalepo mkamwini mverani. Apongozi suwayang'ana m'maso. Sudya iwo akuona. Suimirira iwo atakhala pansi. Mukakumana panjira, iwe umapatukira kutchire, kugwada, chipewa m'manja, nkhope kumbali, moni n'kumaupereka kwa mtengo. Nkhani zonse zimadzera mwa mkazi wako, ngakhale yobwereka nkhwangwa. Ine miyezi yonseyo apongozi ndinkawadziwa ndi mapazi ndi zitenje basi. Tsiku lina ndinapatukira m'chitedze, n'kugwada momwemo kudikira kuti adutse, ndipo anadutsa pang'onopang'ono ngati akuyang'ana singano imene anataya. Munthu amene anadumphapo pa ngolo Furancungo yense akuona, kudzikanda sabata yathunthu chifukwa cha ulemu.

Tinkagona m'kakhitchini kakale podikira nyumba yathu. Makoma anali ataima, denga kunalibe. Mkazi wanga anali ndi pakati. Ndi nthawi imeneyo pamene kanema uja anandipeza. Wina anawaonetsa apongozi pachitsime. Madzulo ake mkazi wanga anabwera kuchokera kwa amayi ake n'kukhala pakhomo, osalowa.

"Mayi aona," anatero. "Akuti za kwanu n'za kwanu, iwo kunalibe. Koma tsiku limene mudzavule malaya pagulu kuno, anthu n'kuyamba kuwaloza kutchalitchi, mudzamange katundu wanu. Ine ndi wam'mimbayu sitipita kulikonse."

Ndinayesa kuseka, iye sanaseke. Ndinamufunsa ngati nayenso akugwirizana nazo. Anati malo si ake, komanso sanakwatiwe kuti mwamuna wake azisekedwa m'mafoni a anthu. Apa panalibe nthabwala, anyamata. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ine ndinali ndisanafolere n'komwe. Mkaziyo ndinkamufuna, mwanayo ndinkafuna kumuona akukwawa pakhomo langa, osati kumva za iye kwa oyendetsa mota. Gitala inalowa pansi pa bedi, sipika pambali pake.

Ndinalima. Ndinalima moti kachewere wa chaka chimenecho mmodzi ankadzaza ndowa. Ndinali mkamwini wachitsanzo, woyankha "wawa" ngakhale kwa nkhuku za apongozi. Koma zala zinkayabwa. Khasu likamagwa pa mzere ndinkamva ng'oma, mphepo ikamaomba malata a tchalitchi ndinkamva besi. Ndikakhala ndekha kumunda ndinkagwira mpini ngati gitala n'kumakuwa osatulutsa mawu, kamwa yokha kuyasama. Inu munkandiimbira foni kundifunsa kuti nanga ulendo wa woyimba payekha uja wafika pati, ine n'kumati ndikukonza zinthu zazikulu. Zinthu zazikuluzo zinali mizere.

Tsiku lina pamsika wa Tsangano bambo wina wamalonda anandigwira mkono n'kundiyang'anitsitsa.

"Si iwe wodumpha uja?"

Ankatsegula loja, sitolo ya mafoni ndi masola, ndipo ankafuna phokoso pa tsiku la msika kuti anthu adziwe kuti wafika. Ndinamuuza kuti banda ili kutali. Anati banda alibe nayo ntchito, chimene akufuna ndi malaya aja aziuluka ndi kudumpha kuja. Ndinakopeka, sindinama. Miyezi yonseyo palibe amene ananditenga ngati woyimba, ndinali chabe mwamuna wa mwana wa aja a kachewere. Ndinafufuza mochenjera, n'kumva kuti tsiku limenelo apongozi akupita ku msonkhano wa amayi a mpingo kumudzi wina wakutali. Kuchokera kwathu kufika pamsika palinso mtunda ndithu. Ndinadziuza kuti ndikangovula pang'ono, mwachangu, n'kuvalanso, akanene ndani? Mukuona nzeru zake. Munthu amene kanema wake anadutsa maboma awiri akufunsa kuti akanene ndani.

Tsikulo ndinakulunga gitala ndi sipika m'thumba la feteleza n'kumuuza mkazi wanga kuti ndikukagula misomali ya denga. Anayang'ana thumba. Anafunsa kuti misomali yake ndi yotani yofuna thumba lokhala ndi khosi. Anandikonza kolala ya jekete, n'kumanga batani la pamwamba penipeni la malaya, lija palibe amene amamanga.

"Malaya awa abwere ali pathupi," anatero, n'kubwerera m'nyumba.

Msika unali wodzaza mpaka agalu kusowa popita. Wamalonda uja anaimika kamiyao, galimoto lija lonyamula matumba, kutsogolo kwa loja yake chakumapeto kwa mzere wa ogulitsa kachewere, n'kukwezapo masipika akuluakulu. Anandilengeza kuti ndine mfumu ya roko ya Macanga yonse, munthu wouluka wopanda mapiko. Ndinakwera. Ndinalumikiza sipika yanga yong'ambika n'kumenya nsambo kamodzi. Inalira ngati kale, anyamata, nkhunda zonse za Tsangano zinanyamuka, zina mpaka lero sizinabwere. Achinyamata anathamangira kutsogolo mafoni ali m'mwamba, ena akukuwa kale kuti malaya, malaya. Magazi anabwerera m'malo mwake. Ndinavula jekete. Ndinaika phazi m'mphepete mwa kamiyao, dzanja pa batani lija, n'kukoka mpweya kuti ndikuwe. Ndinayang'ana pansi kuti ndione pogwera.

Chitenje ndinachidziwa ndisanaone nkhope. Mapazi ndinawadziwanso. Apongozi, atakhala pa thumba, mulu wa kachewere patsogolo pawo, pamalo penipeni pamene ndikanagwera. Msonkhano uja unalephereka, iwo n'kukwera shapa ya m'mawa kudzagulitsa. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni maso athu anakumana. Ine pamwamba pa kamiyao, miyendo tang'a, iwo pansi. Mkamwini kuimirira pamutu pa apongozi, msika wonse ukuona. Za malaya zisiyeni kaye, ichi chokha unali mlandu wa mbuzi. Sanakwinye nkhope. Anali ndi kachewere m'manja, anangomuika pansi pang'onopang'ono n'kudikira.

Mpweya uja ndinaumeza. Maondo anadziwa chochita mutu usanaganize, ndinagwada pomwepo. Koma kugwada pamwamba pa kamiyao n'kukhalabe pamwamba. Ndiye ndinatsetsereka chambali n'kutsika, waya n'kuzuka, sipika yanga n'kutsala m'mwamba ili chete. Ndinakhala pafumbi pafupi ndi tayala, chipewa pa bondo, nkhope nditatembenuzira kumbali kuyang'ana khoma la loja. Achinyamata aja ankaganiza kuti ndi chiyambi cha masewera, kuti ndinyamuka modzidzimutsa. Wamalonda anatsika ndi maikolofoni akundinong'oneza mokukuta mano kuti kodi ndadwala, kodi ndikufuna kumuchititsa manyazi. Ndinamuuza kuti angoigwira pomwepo, pakati pa kamwa ndi gitala. Kuthawa sindikanatha, anthu anali atazinga. Kukhala chete sindikanathanso, akanandikwezanso pa kamiyao ndi manja awo n'kundivula okha.

Vuto linali nyimbo. Ndinaziyendera zonse za banda m'mutu. Ya wogula fodya ija ili ndi mawu oti ngakhale pamaso pa mbuzi sungatchule. Ya mtsikana wa pachigayo, ayi. Ya kachasu, ayi ndithu. Zonse zinali zokuwa, ndipo mkamwini sakweza mawu apongozi ali pafupi. Zala zinayamba kuyenda zokha pa nsambo, pang'onopang'ono, ndipo m'mutu munabwera kanyimbo kena kofewa, kokwera pang'ono n'kutsika ngati munthu akuitana wina amene ali patali. Sindinadziwe kumene kachokera. Ndinangokatsatira, mawu n'kumaikamo pomwepo, a zimene zinali pamtima. Za mlendo wochokera kotentha, amene wamanga makoma koma denga alibe.

Ndabwera ndi manja okha,
eni mudzi musandibweze,
chisanu chanu ndachizolowera,
udzu ukapezeka ndifolera.

Ndinabwereza, ndinaonjezera, ndinabwerezanso, mawu ali pansipansi, maso ali pakhoma.

Msika unatonthola. Akumbuyo sankandiona, ndiye akutsogolo ananyonyomala, kenako otsatira, mpaka msika wonse unakhala pansi ngati pamaliro. Oyendetsa shapa anazimitsa injini. Wokazinga nyama anapsereza chiwaya chonse osamva fungo. Wakuba wina anabwezera foni m'thumba la mwini wake, ndinamuona ndi m'mbali mwa diso. Amuna okwatira, akamwini anzanga, ankayang'ana pansi akumeza malovu, aliyense akukumbukira denga lake ndi chitedze chake. Ndi m'mbali mwa diso momwemo ndinaona apongozi ataphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Amayi awiri a m'mudzi mwawo amene anakhala nawo pafupi anachitanso chimodzimodzi. Ndinati mumtima, ine ndine ine, ndaliza apongozi.

Nditamaliza panadutsa kanthawi popanda wowomba m'manja, kenako anayamba onse pamodzi. Wamalonda uja, amene ankafuna kundimenya ndi maikolofoni, anayamba kuuza anthu kuti zonsezi anakonza dala. Pronto, basi, woyimba payekha anabadwa.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Kanema watsopano anayenda, uyu wopanda mchenga m'kamwa. Anayamba kundiitana ku zinkhoswe ndi maukwati, ku Tsangano konkuno, kumidzi ya m'malire, mpaka ku Furancungo. Kulikonse ndimafika ndi jekete, kupempha kampando kafupi, kukhala pansi, nkhope kumbali, mawu pansi. Sipika yong'ambika ija ikusunga mbewu za nyemba. Ndapeka nyimbo zina zambiri, za mvula, za kubwerera kwa makolo athu, za njira ya fumbi, koma imene anthu salola kuti ndichoke ndisanayimbe ndi ya mkamwini ija. Munandiona nokha ku Furancungo. Iwe wa ng'oma unati ndakula, iwe wa chisekese unapukuta m'maso n'kunamizira fumbi. Mtsikana wina wa ku sekundariya anandifunsa chifukwa chimene sindiyang'anira anthu poyimba, ndinamuuza kuti ndimayang'ana m'kati mwa mtima. Khosi linangozolowera basi. Ndipo mutandifunsa kuti nyimboyo ndinaipeka bwanji, ndinakuuzani kuti inatsika kumwamba, komanso kuti apongozi anatumiza uthenga woti mkamwini ngati ine kulibe m'Tete yense.

Za madzulo a tsiku la msika lija sindinakuuzenipo zoona, ndiye khalani bwino.

Ndinafika kunyumba dzuwa likupendeka, apongozi asanabwere. Malaya anali pathupi, inde, koma mtima unali m'mwamba. Ndinanama za misomali, ndinaimirira pamutu pawo, ndinawayang'ana m'maso, ndipo dzanja langa pa batani analiona okha. Chilichonse mwa zimenezi chikanatha kundikweza shapa yobwerera ku Macanga. Mkazi wanga anali atamva kale, nkhani inafika ine ndisanafike. Sanakalipe, anangoti tidikire amayi. Ndinati ndimufewetse podikirapo, ndimuimbire nyimbo yatsopano yochokera kumwamba ija. Tinakhala pakhonde la nyumba yopanda denga. Ndinayamba mzere woyamba.

Kuseri kwa nyumba ya apongozi kuli khola la nkhumba. Sindinakuuzenipo, ndipo ndinachita dala. Nkhumba zija zitamva zinadzuka zonse nthawi imodzi, kulira, kukankha mitengo, yaikulu ija kuika miyendo pamwamba pa khola kamwa ili yasa. Ndinasiya, zinatonthola. Ndinayambanso, zinayambanso. Mkazi wanga anagwira mimba ndi manja awiri, misozi ili mbwembwembwe, kuseka mpaka ndinaopa kuti achira pomwepo.

"Bambo oyimba," anatero atapeza mpweya, "imeneyotu ndi ya madeya."

Kanyimbo kaja sikanachokere kumwamba, anyamata. Ndi kamene apongozi amang'ung'udza m'mawa uliwonse akamapita ku khola ndi ndowa ya madeya, koitanira nkhumba. Ine ndinkakamva kudzera pakhoma la kakhitchini ndili pakati pa tulo ndi maso, miyezi yonseyo, n'kukhazikika m'mutu osadziwa. Pamsika paja apongozi sankalira. Iwo ndi anzawo aja ankaluma zitenje kuti asaphulike, kuona msika wonse wakhala pansi, amuna andevu akupukuta misozi, pa nyimbo yoitanira nkhumba.

Apongozi atafika, mkazi wanga anapita kukawaona. Ine ndinatsala ndikubwezera gitala m'thumba, ndikuganiza mmene ndikalowere ku Chidzolomondo kuti inu musandione. Kunyumba kwa apongozi kunkamveka mawu apansipansi, kenako kuseka, kenako bata, ndipo sindinadziwe kuti choopsa ndi chiti. Mkazi wanga anabwera n'kukhala pakhomo pomwe paja.

"Akuti munthu wotsika pa kamiyao anthu akumukuwira kuti adumphe, n'kukhala pafumbi chifukwa cha iwo, ameneyo sabwezedwa. Udzu uli kuseri kwa nkhokwe, muyambe mawa."

Ndinapuma. Ndinali nditayamba kale kuthokoza, iye anakweza dzanja kuti sanamalize.

"Akutinso poti nyimbo mwaitenga osapempha, ndipo nkhumba zayamba kukumverani, ndowa ndi yanu."

Nyumba ndinafolera, mwana anabadwira momwemo. Koma m'mawa uliwonse woyimba wanu wamkulu uja, amene mumamuona m'mafoni ndi jekete akuyang'ana kumbali, amanyamula ndowa ya madeya, kukaima pa khola, n'kuyimba nyimbo imene akwati amalirira pa ukwati. Ndikangong'ung'udza chabe nkhumbazo sizikubweranso masiku ano, zinazolowera ndi mawu omwe. Ndipo masana sindiloledwa kuiyeserera pakhomo. Apongozi analetsa, akuti ndikunamiza ziweto.